Mwawi Kumwenda: Ulendo Wochokera ku Mzimba Kukafika ku Melbourne



Munthu akamayenda madzulo m'makwalala a ku Chibavi, Zolozolo, Chiputula kapena Mchengautuwa, pa nthawi imene ana aweruka kusukulu, sasowa kuona kabwalo ka fumbi kamene kumapeto kwake kwazikidwa mtengo wa bulugama, ndipo pamwamba pa mtengowo pakhomedwa mkombero wa chitsulo. Pamenepo atsikana amakhala ali kuponyerana mpira, ena ovala nsapato, ena opanda, mpaka mdima utawabalalitsa. Masewero amenewa ndiwo aja timawatcha ntchemberembaye, kapena mpira wa manja, ndipo Angerezi amati netball. Lero ndifuna tikambirane mbiri ya mwana wa boma lino la Mzimba amene anayambira pa kabwalo kotere, nakafika potchedwa wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi. Dzina lake ndi Mwawi Kumwenda. Mbiri yake iri ndi zokoma zambiri, komanso iri ndi zina zimene ife Amalawi sitingazimve popanda kuweramitsa nkhope.

Tisanafike kwa mwini nkhani, tiyambe taona kumene masewerowa anachokera. Mu 1891 ku America mphunzitsi wina, James Naismith, anayambitsa basketball. Patangopita zaka zochepa masewero amenewo anawoloka nyanja kufika ku England, pa sukulu ya aphunzitsi aakazi ya mayi Martina Bergman-Österberg, ndipo kumeneko anawasintha kuti ayenerane ndi atsikana a masiku amenewo, amene ankavala madiresi aatali oletsa kuthamanga. Malamulo oyamba anasindikizidwa mu 1901. Kuchokera apo masewerowa anafalikira m'maiko amene ankalamulidwa ndi Angerezi, makamaka kudzera m'masukulu, ndipo ndi njira yomweyo imene anafikira kuno kwathu. Maiko anagwirizana za malamulo amodzi mu 1960, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Eastbourne, ku England, mu 1963. Anapambana ndi a ku Australia. Kuyambira pamenepo maiko awiri oyandikana, Australia ndi New Zealand, anasandutsa chikhocho ngati chuma cha pa banja pawo, namangolandizana.

Timu ya dziko lathu, Malawi Queens, inayamba kuonekera pa mpikisano umenewu mu 1995 ku Birmingham, ndipo inathera pa nambala 8. Tiyenera kunena poyera kuti Mwawi sanapeze munda wa tsala. Anaupeza wolimidwa kale ndi akuluakulu ake, ndipo pakati pawo dzina limene silingaiwalike ndi la Mary Waya, woponya zigoli amene ankapusitsa adani ndi mpira ngati munthu wochita matsenga. Pamodzi ndi anzake monga Peace Chawinga, ndiponso pansi pa uphunzitsi wa malemu Griffin Saenda, Waya anafikitsa Malawi pa nambala 5 ku Auckland mu 2007, atagonjetsa South Africa. Taganizani bwino za chimenechi. Dziko limene linalibe ngakhale nyumba imodzi yoyenera yosewereramo, limene timu yake inkakonzekera pa bwalo la simenti la Blantyre Youth Centre dzuwa liri kuswa mtengo, linali lachisanu pa dziko lonse lapansi. Palibe masewero ena alionse a timu amene anatikwezapo chotero.

Mwawi anabadwa pa 27 Sepitembala 1989 m'boma la Mzimba. Dzina lakelo ndi la Chitumbuka, ndipo pa Chichewa tikanati Mwayi. Anthu a ku Australia, pofuna kufupikitsa, amalemba kuti Mwai. Iye mwini wakhala akufotokozera atolankhani a kunja za ubwana wake: kuti mpira wawo unali wa mapepala a pulasitiki okulungakulunga, kuti mitengo ya zigoli ankadula kutchire, ndi kuti ankasewera wopanda nsapato. Azungu akamva zimenezi amagwira pakamwa, koma inu ndi ine tidziwa kuti umenewo ndiwo ubwana wa mtsikana aliyense wa kumudzi kuno. Chodabwitsa si mpira wa mapepalawo ayi. Chodabwitsa nchakuti pakati pa atsikana zikwizikwi osewera chotero, mmodzi anaonedwa ndi anthu amene anali ndi njira yomupititsira patsogolo.

Njira imeneyo inali yopita kummwera. Matimu amphamvu a ntchemberembaye anali ku Blantyre, kumene makampani akuluakulu ankawathandiza ndi ndalama, ndipo mtsikana wa kumpoto wofuna kukula m'masewerowa sakanachitira mwina koma kusiya kwawo. Chotero Mwawi, akadali wamng'ono, analowa timu ya Escom Sisters, imene pambuyo pake inatchedwa Kukoma Diamonds. Timu imeneyi ndi imene inkalimbana kwambiri ndi Tigresses, ndipo mphunzitsi wake anali a Saenda omwe aja. Kumeneko ndiko anaphunzira mwambo wa masewero, ndipo sipanatenge nthawi kuti aitanidwe ku timu ya dziko.

Chaka chimene chinatembenuza moyo wake ndi 2009. M'chaka chimenecho mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse unachitikira pa chilumba cha Rarotonga ku Cook Islands, pakati pa nyanja ya Pacific, kutali kwambiri kotero kuti ochuluka a ife sitingapaloze pa mapu. Mwawi anali m'timu ya Malawi. Pakati pa oonerera panali mphunzitsi wina wa ku Australia amene anachita chidwi ndi kaponyedwe kake, nayamba kufunafuna njira yomutengera kwawo. Zinatheka mu 2011, pamene Mwawi analowa timu ya Peninsula Waves ya ku Frankston, kufupi ndi mzinda wa Melbourne. Imeneyi sinali timu ya m'ligi yaikulu ayi, inali ya m'chigawo cha Victoria chabe. Koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Mu 2013 anasankhidwa kusewera m'timu ya Victorian Fury mu ligi yachiwiri ya dziko lonse la Australia. Timuyo inatenga chikho, ndipo iye anatchedwa wosewera wopambana wa ligiyo.

Nzosavuta kutchula zaka zimenezi mothamanga monga ndachitiramu, koma tisaiwale kuti anali mtsikana wa zaka 21, ali yekha m'dziko la eni, kopanda womulankhula Chitumbuka kapena Chichewa, kopanda nsima ya mgaiwa, ndipo nyengo ya masewero kumeneko imagwa m'miyezi ya chisanu. Mwina pa chisanu pokhapo ndi pamene mwana wa kuno anali wokonzeka kale, pakuti amene anagonapo mu Mzuzu mwezi wa Juni adziwa kuti kuzizira sitichita kukuwerenga m'mabuku.

Tsono ndiloleni ndifotokoze pang'ono ntchito ya woponya zigoli, pakuti omvera ena, makamaka abambo amene mtima wawo uli ku mpira wa miyendo, amayesa kuti ntchitoyi ndi kungoima pansi pa mtengo ndi kudikira. Bwalo la ntchemberembaye ndi lotalika mamita 30.5 ndipo m'mimba mwake ndi mamita 15.25. Timu iri yonse imakhala ndi osewera 7, koma awiri okha ndiwo amaloledwa kuponya chigoli, ndipo ayenera kuponya ali m'kati mwa kachigawo kozungulira kamene kali mamita 4.9 kuchokera pa mtengo. Mkombero uli pamwamba mamita 3.05, ndipo kumbuyo kwake kulibe thabwa logundapo mpira monga muja zikhalira pa basketball. Wosewera akalandira mpira saloledwa kuyenda nawo, ndipo ayenera kuutaya asanathe masekondi 3. Womutchinga amaima pa mtunda wosakwana mita imodzi, manja ali m'mwamba, kuphimba mkombero. Masewero onse amatenga mphindi 60, m'zigawo zinayi za mphindi 15. Popeza matimu amasinthana kuyamba mpira pakati chigoli chikalowa, timu imene woponya wake waphonya kamodzi kokha imakhala yapereka mwayi kwa adani, ndipo masewero aakulu amatha ndi kusiyana kwa chigoli chimodzi kapena ziwiri. Nchifukwa chake woponya amayesedwa ndi chiwerengero: pa mipira 100 imene waponya, ingati yalowa?

Matimu ambiri a masiku ano amathetsa vutoli pofuna mkazi wamtali kwambiri, womuimika pansi pa mtengo kuti anzake azingomuponyera mpira m'mwamba. A ku Jamaica ndiwo akatswiri pa zimenezi: Romelda Aiken ndi Jhaniele Fowler onse ndi otalika pafupifupi mamita awiri. Mwawi ndi wa mamita 1.83, msinkhu umene kuno tingati ndi wamtali, koma kumeneko otchinga ambiri amafanana naye kapena kumuposa. Chimene anapambanira ndi china. Amadumpha ngati mphaka, amatha kuwakha mpira ndi dzanja limodzi uli pafupi kutuluka m'bwalo, ndipo akatera pansi amatambasula miyendo kotero kuti mwendo wina umakhala wayandikira kale ku mtengo. Kuwonjezera apo anapita ndi kaseweredwe ka kwathu kuno, kosunga mpira moleza mtima, kupatsirana pafupipafupi, kubwerera m'mbuyo ngati njira yatsekeka, kumene osewera a ku Australia, ozolowera kuthamangira kutsogolo, kumawasokoneza mutu.

Mu 2014 anafika pamene panali posayembekezeka kwa Mmalawi. Timu ya Tactix ya mu mzinda wa Christchurch ku New Zealand inamulemba ntchito kuti asewere mu ANZ Championship, ligi imene inkaphatikiza matimu 5 a ku Australia ndi 5 a ku New Zealand, ndipo pa nthawiyo inali yoposa zonse pa dziko lapansi. Tactix inali timu yofooka, yozolowera kukhala kumchira kwa ligi, ndipo Mwawi anakhala nayo zaka zitatu akulawa kugonja sabata ndi sabata. Komabe m'chaka chake choyamba anapatsidwa mphoto ya wosewera watsopano wopambana mu ligi yonse. Ine ndiganiza kuti zaka za ku Christchurch zinamupindulira koposa mmene zikanakhalira akadalowa timu yamphamvu, chifukwa m'timu yofooka woponya salandira mpira wabwino. Amachita kuulimbirana, ndipo akauphonya palibe womuwombola.

Tsopano tafika pa chaka cha 2015, chimene chiri pakatikati pa mbiri yonseyi. Mpikisano wa dziko lonse unali ku Sydney kuyambira pa 7 mpaka pa 16 Ogasiti. Mpikisanowo usanachitike kunabuka mkangano pakati pa Mwawi ndi bungwe loyendetsa masewerowa m'dziko muno, la Netball Association of Malawi, pa nkhani ya ndalama za alawansi zimene osewera anali asanalandire. Mwawi anaumirira kuti anzake alipidwe. Anthu kuno anagawikana. Ena ankati mwanayu wayamba kudzimva chifukwa cha ndalama za kunja, ndipo waiwala kuti mbendera ya dziko iposa munthu. Ena ankati ndi yekhayo amene akanatha kulankhula, pakuti anzake, okhala konkuno ndi odalira bungwe lomwelo kuti awasankhe, akanatsegula pakamwa akanangochotsedwa mwakachetechete.

Ine ndiri kumbali ya achiwiriwa, ndipo sindibisa. Mwawi anali ndi malipiro ake ku New Zealand. Ndalama zimene ankamenyerazo kwa iye zinali zochepa, koma kwa mnzake wosiya ana kunyumba ndi kukakhala m'kampu milungu ingapo zinali za ufa ndi sopo. Kukonda dziko ndi chinthu chabwino, koma kawirikawiri amene amalalikira za kukonda dziko kwa osewera amakhala atalandira kale zawo. 

Atalowa m'bwalo, zimene anachita zinatseka pakamwa onse omunena. Malawi inagonjetsa South Africa ndi zigoli 58 kwa 51, ndi Sri Lanka ndi zigoli 101 kwa 18. M'ndime yachiwiri inagonjetsa Uganda, inagonja kwa New Zealand 57 kwa 49, ndipo polimbana ndi Jamaica inagonja ndi chigoli chimodzi chokha, 63 kwa 62. Chigoli chimodzi chimenecho ndicho chinaimika Malawi pakhomo pa matimu anayi otsiriza. Pa masewero olimbirana nambala 5, South Africa inabwezera, 48 kwa 46, ndipo tinabwerako tiri pa nambala 6. Koma pamene akuluakulu a mpikisano anakhala pansi kusankha wosewera woposa onse, sanatenge wa ku Australia amene ananyamula chikho, kapena wa ku New Zealand amene anali achiwiri. Anatchula Mwawi Kumwenda, amene anamwetsa zigoli 321, ndipo pa mipira 100 iri yonse imene anaponya, 91 inalowa. Pambuyo pake bungwe la International World Games Association linamutcha katswiri wa chaka cha 2015, atasankhidwa ndi mavoti a anthu a m'maiko osiyanasiyana.

Chaka chotsatira, mu Okutobala 2016, ku Melbourne kunali mpikisano wa Fast5, mtundu wofulumira wa masewerowa umene timu imakhala ndi osewera 5. Malawi inagonjetsa England ndi kutenga malo achitatu, ndipo Mwawi anatchedwanso wosewera wopambana. Koma mu 2017, pokonzekera mpikisano womwewo, anachotsedwa m'timu pa mlandu wofika mochedwa ku kampu, ndipo Malawi inakathera kumchira. Sindifuna kuweruza mlandu umenewo pano, pakuti mwambo m'timu ndi wofunika ndipo mphunzitsi ali ndi ufulu wake. Chimene ndinena nchakuti pa zaka zonsezi sitinapeze njira yokhalirana bwino ndi wosewera amene ali ndi mabwana awiri, wina womulipira mwezi ndi mwezi kutsidya kwa nyanja, wina womuitana m'dzina la dziko. Anzathu a mpira wa miyendo anakhazikitsa kale masiku odziwika amene matimu amamasula osewera awo. Ife tinkadalira kukalipirana pa wailesi ndi m'manyuzipepala.

M'chaka chomwecho cha 2017 ligi ya maiko awiri ija inali itatha, ndipo Australia inayambitsa yakeyake, Super Netball. Mwawi anabwerera ku mzinda umene unamulandira poyamba, nalowa timu ya Melbourne Vixens pansi pa mphunzitsi Simone McKinnis.

Lamulungu pa 8 Epulo 2018 ndi tsiku limene okonda masewerowa sadzaliiwala. Anali Masewero a Commonwealth ku Gold Coast, ndipo Malawi inakumana ndi New Zealand. Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, dziwani kuti New Zealand inali itatengapo chikho cha dziko lonse mu 1967, 1979, 1987 ndi 2003, ndiponso mendulo ya golide ya Commonwealth mu 2006 ndi 2010. Malawi inali isanaigonjetsepo chiyambire. Ndiponso timu yathu inafika pa tsikulo iri yovulala mumtima, itagonja kwa England, ndi kwa Uganda 54 kwa 52. Pofika nthawi yopuma New Zealand inali patsogolo ndi zigoli 7, ndipo aliyense anayesa kuti nkhani yatha monga mwa masiku onse. Koma m'chigawo chachitatu zinthu zinatembenuka. Otchinga athu, Towera Vinkhumbo ndi anzake, anayamba kulanda mipira. Apakati monga Takondwa Lwazi anaisunga mosamala osaitaya. Ndipo iri yonse imene inafika m'manja mwa Mwawi inkatsikira mu mkombero. Wezulo yotsiriza italira, zigoli zinali 57 kwa 53. Mwa zigoli 57 zimenezo, 41 zinali za Mwawi. Atsikana athu anagwa pansi, ena akulira, ena akuvina pakati pa bwalo pamaso pa khamu la alendo.

Ku New Zealand kugonjako kunali ngati maliro. Timu yawo inabwerera kwawo yopanda mendulo iri yonse, kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchemberembaye pa Masewero a Commonwealth mu 1998. Anakhazikitsa kafukufuku, mphunzitsi wawo anatula pansi udindo, analemba wina, Noeline Taurua, ndipo patangotha miyezi 15 anakatenga chikho cha dziko lonse ku Liverpool. Nanga ife opambanafe? M'gulu lathu, New Zealand, Uganda ndi Malawi anafanana mapointi, ndipo powerengera zigoli New Zealand ndiyo inapitirira. Zigoli ziwiri zija za Uganda zinatidyera malo, ndipo tinathera pa nambala 7. Ogonja anapita kukakonza nyumba yawo. Opambana tinavina, kenaka tinabwerera ku bwalo lathu la simenti.

Miyezi yochepa pambuyo pake, chakumapeto kwa ligi ya 2018, Mwawi anagwa m'bwalo akusewera ndi West Coast Fever, atadula mtsempha wa m'kati mwa bondo. Kuvulala kumeneku ndi mdani wamkulu wa osewera ntchemberembaye, ndipo chifukwa chake chiri m'malamulo aja ndafotokoza: munthu wothamanga ndi liwiro lonse ayenera kuima nji pamene walandira mpira, ndipo mphamvu yonse ya thupi imatsikira pa bondo. Mtsempha umenewu ukaduka sulumikizika wokha. Madokotala amachita opaleshoni, kuikapo wina wotengedwa pena m'thupi, ndipo wovulalayo amatha pafupifupi chaka akuphunziranso kuyenda, kuthamanga ndi kudumpha. Pano tiyenera kufunsa funso losautsa: akanavulala chotero ali kusewera konkuno, kodi akanabwereranso m'bwalo? Ndi angati atsikana athu amene masewero awo anathera pa bondo, popanda ndi mmodzi yemwe wolemba dzina lawo? Mwawi anali m'manja mwa timu yokhala ndi madokotala ake, ndipo Vixens inamusunga. Mpikisano wa ku Liverpool wa 2019 unamudutsa; Malawi inapita popanda iye ndi kukathera pa nambala 6. Iye anabwerera m'bwalo chakumapeto kwa ligi ya chaka chimenecho.

Chaka cha 2020 chinali cha mliri wa Covid-19. Mzinda wa Melbourne unatsekedwa, ndipo matimu onse a ligi anasamutsidwira ku chigawo cha Queensland, kumene osewera anakhala miyezi yathunthu kutali ndi mabanja awo. Kwa anzake chimenechi chinali chachilendo. Kwa Mwawi unali moyo umene anauzolowera kuyambira 2011. Vixens inafika mu ndime yotsiriza, imene inachitikira ku Brisbane pa 18 Okutobala, ndipo adani awo anali West Coast Fever, timu yomwe ija anavulala akusewera nayo. Ku mtengo wina kunaima Jhaniele Fowler wa ku Jamaica, ku mtengo wina mwana wa ku Mzimba. Masewero anali a mtima bii mpaka mphindi yotsiriza, ndipo anatha 66 kwa 64, Vixens itapambana. Mwawi anaponya mipira 50, ndipo 47 inalowa. Anamusankha kukhala wosewera wopambana wa tsikulo. Kwa ine, ngakhale kupambana kwa ku Gold Coast kunali kokoma koposa kwa ife monga dziko, tsiku la ku Brisbane ndilo linaonetsa bwino munthuyo, chifukwa anadumpha ndi kutera pa bondo losokedwa kwa mphindi 60 osaliopa.

Khomo limene anatsegula ena analowamo. Joyce Mvula anapita ku Manchester Thunder ku England mu 2017, ndipo pambuyo pake anakasewerako ku New Zealand. Towera Vinkhumbo anakasewera ku Strathclyde Sirens ku Scotland. Matimu a kunja, amene kale sankaganiza zoyang'ana kuno, anaphunzira kuti ku Malawi kuli osewera. Mu 2022 mu Lilongwe munatsegulidwa nyumba yosewereramo yotchedwa dzina la Griffin Saenda, chinthu chimene osewera anachilira kwa zaka zambiri, ngakhale mwini dzinalo sanakhale ndi moyo kuti aione.

Koma pamene ife tinali kukangana za maalawansi, anzathu a ku Uganda anali kukwera. Pa Masewero a Commonwealth a ku Birmingham mu 2022 Uganda inali pa nambala 5, Malawi pa nambala 7. Pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Cape Town mu 2023, woyamba kuchitikira mu Africa, Mwawi anavalanso malaya a dziko lake, ndipo zotsatira zinali zomwezo: Uganda pa 5, South Africa pa 6, Malawi pa 7. Malo achisanu aja amene Mary Waya ndi anzake anatipezera mu 2007 anatipulumuka.

Mwawi anakhala ndi Vixens kufikira 2023. Mu 2024 sanasewere chifukwa anali woyembekezera. Mu 2025, ali mayi wa zaka 35, anaitanidwa ndi West Coast Fever ya mu mzinda wa Perth kuti agwirizire malo a Jhaniele Fowler pa masewero oyambirira a ligi. Chotero anavala malaya obiriwira a timu imene anavulala akulimbana nayo mu 2018, imene anailanda chikho mu 2020, ndi imene inabwezera pogonjetsa Vixens mu ndime yotsiriza ya 2022, ndipo anakaima pansi pa mtengo womwe uja pamene pankaima mdani wake wa ku Brisbane.